Chamba cha Akpene ndi Misala ya Amuna Anga

"Mbuzi yanga yasintha khalidwe," anatero amuna anga, a Agbeko, ataima pakati pa bwalo mswachi uli kukamwa. "Ndipo aliyense pakhomo pano akudziwa chimene yadya."

Akpene, mkazi wa malemu mng'ono wawo Senyo, anali akukoleza mbaula. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Yasintha bwanji, alamu?"

"Ikundiyang'ana."

"Mbuzi zimayang'ana anthu."

"Osati chonchi. Ikundiyang'ana ngati tinabadwa tsiku limodzi. Dzulo ndaiitana, yangotembenuka n'kundilozetsa kumbuyo."

"Nanenso ndimalakalaka nditachita zomwezo, koma ndinaleredwa."

Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Ndine Esinam, mayi a Sedem. Ndakhala pabanja ndi a Agbeko nthawi yokwanira kudziwa kuti akayamba nkhani ndi mbuzi, kumene akupita si ku mbuzi.

"Walima chamba m'munda wa makolo athu," anatero, akumuloza ndi mswachi uja. "Masana dzuwa likuswa mtengo, pamsewu penipeni."

"Ndikuuzeni kangati? Ndi chamba cha zingwe. Gulu lathu la alimi lili ndi chilolezo, ndipo alangizi amabwera kudzachiona. Sichiledzeretsa ngakhale mwanapiye. Pamapesi ake timasendapo luzi la zingwe, matumba ndi nsalu. Njere zake n'za mafuta ndi sopo, zotsalira nkhuku zimadya. Ngakhale chamkati mwa phesi ena amachisakaniza ndi laimu n'kumangira khoma. Chingwe chimene mwamangira mbuziyo ndinapota ndine."

A Agbeko anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana chingwe.

"N'chifukwa chake. Zikuilowera m'khosi."

"Alamu, nenani zimene mwadzukira. Munda uja Senyo ali moyo munkautcha dziwe la achule. Ndakumba ngalande ndekha ndi manja awa mpaka madzi aphwa. Lero wakongola, mwayamba kuuona."

"Munda ndi wa banja lino. Iwe unabwera kuno ndi sutikesi."

"Ndinabwera ndi sutikesi, n'kubereka ana atatu a mng'ono wanu. Azidya sutikesiyo?"

"Ukuona mmene akundiyankhira, mayi a Sedem? Kale sankatero. Nayenso zamulowa."

Ndinayankha kuti chinangwa chikundithera nthawi.

Nkhani yeniyeni inali yakuti munthu wina wa mumzinda wa Ho, wa galimoto yoyera, anali atabwerapo kangapo kwathu ku Vudokope kufuna malo a m'mbali mwa msewu oti amangepo poumbira mabuloko. Malo amene anawakonda anali munda wa Akpene. Amuna anga anali atagula kale nsapato zatsopano poyembekezera.

Koma munda sangaugulitse popanda mawu a bambo aakulu, a Kpodo, mkulu wawo wa malemu apongozi anga, amene amayang'anira za banja lonse. A Kpodo anayendetsapo malole moyo wawo wonse. Mano anatha, makutu amamva zimene akufuna, koma tsitsi lawo ndi lakuda bii ngati la mnyamata wa sukulu, ndipo palibe amene amafunsa. Chimene amadana nacho kwambiri ndi kudzutsidwa pampando. Amuna anga atawafotokozera za mbuzi, iwo anangoti:

"Agbeko, mkazi wamasiye sitimulanda munda popanda chifukwa, midzi ina ingatiseke. Mbuzi si mboni. Undionetse munthu amene chamba chimenechi chamuwononga, pamenepo tikhala pansi."

Amuna anga anabwerera kunyumba akuganiza. Iwo akayamba kuganiza, ine ndimasuntha mbale zosweka.

Patapita masiku ndinapeza masamba a chamba chija atayanikidwa padenga la khitchini. Madzulo ake anali atalowa m'chitini chakale cha mkaka, chitinicho n'kubisidwa kuseri kwa bedi. Ndinadabwa, chifukwa a Agbeko amaimba besi m'kwaya ndipo chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa.

Tsiku la msika anavala malaya oyera, n'kukaima pakati pa ogulitsa nsomba zouma ndi ogulitsa tomato. Anang'amba pepala la kalendala yakale, n'kupichira masamba aja mpaka chinakhala chachikulu ngati chisononkho.

"Anthu a Vudokope, onani," analengeza. "Ndikudzipereka chifukwa cha ana anu. Ichi n'cha m'munda wa Akpene."

Anayatsa n'kukoka. Anatsokomola mpaka anagwira m'mawondo. Misozi inatuluka, mamina n'kutsatira. Anthu anasonkhana. Atapuma anakokanso, kenako anaima chilili, maso akuponya uku ndi uku ngati munthu wodikira minibasi ya trotro imene yachedwa. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona kuti palibe chimene chikubwera. Nawonso anaona. Ndiye anavula nsapato imodzi, n'kuiika pamutu, n'kulira ngati tambala.

"Zamulowa," anatero wina.

Anayenda mwadzandidzandi mpaka pa benchi ya mayi Mawuse, amene amagulitsa kenkey, nsima yowawasa yokulunga m'makoko a chimanga, n'kunyamula mmodzi ndi zala ziwiri.

"Mayi, kenkey wanu akuchepa chaka ndi chaka. Posachedwa tizingomumwera madzi ngati mapiritsi."

Msika wonse unaseka, poti zinali zoona. Mayi Mawuse ananyamula chipande kuti awaswe nacho, koma anthu anawagwira mkono.

"Asiyeni, mayi. Si iwowo, ndi chamba cha Akpene."

Mawu amenewo amuna anga anawamva bwinobwino. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wauzidwa kuti aphunzitsi adwala.

Kuyambira pamenepo misala inakhala ntchito yawo. M'mawa ankamwa phala, n'kusuta, n'kunyamuka. Zonse zimene anazisunga mumtima zaka makumi anayi zinapeza khomo lotulukira. Mlaliki wathu, a Nutifafa, anakumana nawo pachitsime, ndipo amuna anga anawauza kuti maulaliki awo ndi aatali moti mayi wina analowa m'tchalitchi ali woyembekezera n'kutuluka mwana akuyenda yekha. Anawapezanso a Kpodo ali pampando wawo, n'kuwagwira mutu anthu akuona.

"Bambo aakulu, polishi wa nsapato amene mumapaka kumutuyu mundigawireko. Kukatentha ntchentche zimakanirira pamenepa ngati pa ulimbo."

Anthu anati, "Akhululukireni, ndi chamba." A Kpodo anakhululuka, koma tsiku limenelo anayamba kuvala chipewa.

Poyamba nanenso ndinkaseka. Ndinasiya nditaona zimene zinkamuchitikira Akpene. Amayi anasiya kuloleza ana awo kusewera ndi ake. Fafali, mwana wake woyamba, anabwera kuchokera ku sukulu akulira, poti anzake anamupatsa dzina loti Kandudu. Lamulungu a Nutifafa analengeza kuti mlongo wina, amene sanamutchule dzina koma anamuyang'ana nthawi yonse, ayambe wakhala kumbuyo kufikira nkhani yake itaoneka. Kenako tsiku lina amuna anga anatenga chikwanje, n'kulowa m'munda muja akuimba nyimbo ya maliro, n'kutema mizere ingapo ya chamba chimene chinali chitapitirira kale msinkhu wa munthu. Mitolo ya mapesi imene Akpene anaiviika kumtsinje kuti luzi lifewe anaikankhira pakati pa madzi, n'kupita.

Ndinamupeza Akpene atakhala pamphepete pa munda, atatambasula miyendo. Si munthu wolira pagulu, koma tsiku limenelo nsalu yake inali yonyowa pachifuwa.

"Esinam, ndinalakwa chiyani? Chimanga chinkakana pano, ndinayesa. Ichi chokha n'chimene chavomera. Ndimati ndikakolola Fafali apite ku sekondale."

"Bwanji osaitana alangizi aja adzawafotokozere?"

"Anabwera kale, anafotokoza mpaka mawu anasasa. Atachoka, alamu anati alangiziwo ndi ofiira maso. Munthuyo anali ndi chimfine chabe." Anapukuta nkhope. "Iwe umagona nawo nyumba imodzi. Ndiuze zoona, apengadi?"

Funsolo ndinapita nalo kunyumba.

Misala ya amuna anga inali yaulemu wake. Inkadziwa nthawi ya chakudya. Akple, nsima ya kwathu kuno, akangofika patebulo misalayo inkapuma, iwo n'kusamba m'manja bwinobwino, n'kufunsa chifukwa chimene nsomba yawo yachepera kuposa ya Sedem. Inkalambalala matope kuti nsapato zatsopano zisade. Ndipo ikafika pa butchala ya Alhassan, amene mkono wake umodzi ndi wofanana ndi ntchafu ya amuna anga, inkavula chipewa n'kupereka moni, kenako n'kuyambiranso ikadutsa.

Ndiye tsiku lina iwo atapita kukapenga, ndinathyola masamba a chinangwa kuseri kwa nyumba, n'kuwayanika padenga lomwe lija. Atauma ndinawafikisa m'manja. Zam'chitini muja ndinazikhuthulira pamoto, n'kudzazamo chigwada changa, n'kubwezera chitini kuseri kwa bedi. Ndinangofuna kudziwa.

M'mawa mwake anasuta, n'kutsokomola monga mwa masiku onse, n'kundiyang'ana.

"Ichi ndiye champhamvu," anatero. "Chikukhwima."

Sabata imeneyo anapenga kuposa kale. Anakwera mumtengo wa mango wa kusukulu n'kuyamba kuweruza milandu ya anthu odutsa. Anabatiza bakha. Ndipo Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, anasutira kuseri kwa belu, n'kubwera kudzaima patsogolo panga pamene ndinali ndi amayi anzanga a chigwirizano.

"Mukumuona uyu? Ndinamukwatira chifukwa bambo ake anali ndi chigayo. Chigayocho chinafa chaka chomwecho, ine n'kutsala ndi phokoso lokha."

Anthu anaseka.

"Mkazi weniweni ali ku Ho. Amagulitsa mawigi pafupi ndi siteshoni. Munda ukangogulitsidwa ndimubweretsa, uyu azikamutungira madzi."

Anasekanso, koma mochepa. Amayi anandizungulira, wina akundisisita pamsana.

"Usazitengere, mayi a Sedem. Si iwowo. Ndi chamba."

Pagulu lonselo ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti inali ndiwo. Ndinapita kunyumba, n'kuphika, n'kuwapatsa madzi osamba m'manja. Ndinatenga chitini chija n'kuchiika pansi pa dengu langa la zovala.

Bwalo la banja linakhala Loweruka masana pansi pa mtengo wa nimu kwa a Kpodo. Kunabwera abale, kunabwera a Nutifafa ndi Baibulo lawo, kunabweranso mayi Mawuse ndi ena ambiri amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mipando yawo. Amuna anga anafika atafunda nsalu ngati wodwala malungo, akuyenda pang'onopang'ono.

"Sindikukumbukira kalikonse, bambo aakulu," anatero ndi mawu otsika. "Ndimangomva kwa anthu kuti ndachita zakuti, ndanena zakuti. Mtima ukundipweteka. Ngati chatere ndi ine, munthu wa kwaya, nanga ana athu chidzawatani? Chizulidwe basi. Ndipo munda ubwerere m'manja mwa mwamuna, amene angausamale."

Akpene anayala nsalu pansi, n'kuikapo chingwe, botolo la mafuta, sopo ndi kathumba kolukidwa bwino.

"Izi n'zimene ndikulima," anatero. "Mafuta awa theka la amayi ali panowa apakapo m'ming'alu ya kumapazi. Sopoyu mayi abusa anatenga awiri. Palibe anapenga. Ana a Senyo ndi magazi anu. Mukandilanda munda, mwalanda iwowo."

Palibe anayang'ana zinthuzo. Amayi amene anapaka mafuta aja anabisa mapazi pansi pa nsalu.

A Kpodo anakonza chipewa. "Mayi, ife taona ndi maso athu. Munthu anali bwinobwino, lero akubatiza abakha. Ine ndikuona kuti..."

"Ndisanachedwe, nanenso ndili ndi dandaulo."

Anali a Gameli, ometa tsitsi pafupi ndi siteji. Aliyense ku Vudokope amadziwa chimene a Gameli amachita kuseri kwa shopu yawo, ndipo amene amafuna mzere wowongoka amapita kukametetsa m'mawa. Anafika atakwiya, sizasi ili m'thumba la malaya.

"Gameli, ino ndi nkhani ya banja," anatero a Kpodo.

"Yanganso ndi yokhudza mayi yemweyu. Mayi uyu ndi wachinyengo. Wadzala chinthu chooneka ngati chenicheni, chonunkhira ngati chenicheni, pamsewu pamene munthu wosauka amadutsa tsiku ndi tsiku. Ine ndakhala ndikuthyolako chiyambire kuphuka."

"Ndiye kuti wakuba uja ndinu," anatero Akpene.

"Musandidule, mayi, wolakwiridwa ndine. Ndasuta. Ndasutanso. Ndinati mwina ndikuchepetsa, ndinapichira chachikulu ngati mkono wa mwana. Ndinachiwiritsa ngati tiyi. Ndinachithira mu supu. Ndinaitana anzanga awiri odziwa ntchito, tinakhala tsiku lonse utsi uli tolo ngati tikuwotcha makala. Mukudziwa chimene tinapeza? Chifuwa. Mnzanga wina anayamba kukamba za fizi ya ana ake. Munthu amasutira kuti aziganiza za fizi?"

Anthu anayamba kuseka, koma a Gameli sankaseka.

"Ine ndayamba kusuta ambiri a inu musanamere mano. Ndikunena pamaso pa mlaliki kuti chija si chamba. Chija ndi chingwe chimene sichinapotedwe. Ndiye ndikamaona a Agbeko akulira ngati tambala, ndimadzifunsa kuti akuthyola mbali iti ya munda, poti ine ndayesa ngodya zonse zinayi."

Maso onse anatembenukira kwa amuna anga. Iwo anakoka nsalu yawo mpaka m'khosi.

"Matupi amasiyana," anatero. "A Gameli thupi lawo linazolowera, lili ngati chikopa cha ng'oma. Langa ndi la munthu wopemphera. Kakangolowa pang'ono, kamafika ku ubongo."

"Zimenezo n'zomveka," anatero a Nutifafa. "Chotengera choyera chimaonetsa dontho lililonse."

A Kpodo anagwedeza mutu movomereza. Ndinaona kuti akufuna nkhaniyo ithe kuti akagone. Ndinaona Akpene akuyamba kupinda nsalu yake ija. Pamenepo ndinaimirira, chitini chili m'manja.

"Bambo aakulu, ndingalankhule?"

"Mayi a Sedem, khala pansi," anatero amuna anga, mawu a wodwala aja ataiwalika.

"Musiye alankhule," anatero a Kpodo.

"Bambo a Sedem, chitini ichi mukuchidziwa?"

"Ndi changa. Muli poizoni wa Akpene. Uwaonetse anthu aone."

"Ndi m'chitinimu mmene munatapa Lamulungu lija, musanalankhule za chigayo cha bambo anga?"

"Momwemo. N'chifukwa chake sindikukumbukira."

"Za bakha zija, ndi za mumtengo wa mango?"

"Zonsezo. Sabata imeneyo chinali chaukali kwambiri."

Ndinatsegula chitini n'kuchipereka kwa mayi Mawuse. Ananunkhiza. Anatapako pang'ono n'kuika palilime, n'kutafuna, n'kuyang'ana kumwamba.

"Ichi ndi chigwada," anatero.

"Cha kuseri kwa nyumba yathu," ndinatero. "Ndinathyola ndekha, n'kuyanika ndekha. Cha Akpene ndinachitaya pamoto sabata imeneyo isanayambe."

Chitini chinayenda m'manja mwa amayi. Aliyense analawa n'kuvomereza. Azakhali ena okalamba anati chikanangofuna mafuta a ngole ndi kansomba kouma. A Gameli nawo ananunkhiza, n'kuwayang'ana amuna anga mwachisoni.

"Achimwene, mwapenga ndi ndiwo?"

Kuseka kunabuka, koma sikunakhalitse, chifukwa mmodzimmodzi anthu anayamba kukumbukira. Ndinaona nkhope zikusintha ngati mmene mthunzi wa mtambo umayendera pamunda. Mayi Mawuse anasiya kutafuna. A Nutifafa anatseka Baibulo. A Kpodo ndiwo anachedwa kufika, koma anafika. Anavula chipewa pang'onopang'ono. Kunali kotentha, ndipo kamzere kakuda kanali kakutsika kuseri kwa khutu lawo.

"Agbeko."

"Bambo aakulu."

"Ndiye kuti tsiku lija unandigwira mutu, unali bwinobwino."

"Tsiku limenelo chinali chisanasinthidwe, bambo aakulu. Chinali cha Akpene chenicheni."

"Chimene Gameli akuti ndi chingwe."



"Za mwana wotuluka m'tchalitchi akuyenda," anatero a Nutifafa, "munaziganiza nokha, ndi mutu wanu wabwinobwino?"

"Abusa, mwina ndi mzimu woipa."

"Mzimu woipa umene umapereka moni kwa Alhassan," anatero wina kumbuyo.

Mayi Mawuse anali atayamba kale kufunafuna chinthu chogenda nacho. A Agbeko anataya nsalu ija n'kukabisala kuseri kwa mpando wa a Kpodo, koma a Kpodo anasuntha mpando. Sindinawaonepo atadzuka msanga chotero.

Phokoso litatsika, chigamulo chinaperekedwa, ndipo chinali chachangu. A Agbeko apite kwa a Kpodo ndi tambala woyera ndi botolo la kachasu wa akpeteshie, akagwade. Apite kwa a Nutifafa akapepese, ndipo ayambe apuma kukwaya. Apite kwa mayi Mawuse akapepesere pamsika pomwepo, anthu akumva. Anatchulanso aphunzitsi aakulu chifukwa cha mtengo wa mango, ndi mwini bakha.

"Nanga munda?" anafunsa Akpene.

"Munda ukhale kaye mmene ulili. Tidzaonanso mtsogolo."

"Mlongo, mawa mukhoza kubwerera pampando wanu wa kutsogolo," anatero a Nutifafa, ngati akumupatsa mphatso.

"Nanga mizere imene anatema? Mitolo yanga imene inapita ndi madzi? Mwana wanga amene akuopa kupita ku sukulu?"

A Kpodo anavalanso chipewa. "Mayi, mwapambana. Musawonjezere."

Anthu ananyamula mipando yawo akuseka, akubwereza mawu a a Gameli. Za mkazi wa mawigi palibe anazitchula. Ine ndinapita kunyumba, n'kutenga mphasa, poto wanga wamkulu ndi Sedem, n'kuwoloka bwalo kupita kwa Akpene. Ndinamupeza akuika chingwe ndi sopo uja pashelefu.

"Suli kuseka," ndinatero.

"Ndiseke chiyani? Akanapanda kugwira tsitsi la bambo aakulu, bwenzi pano ndikumanga katundu. Wamva nyumba zimene azitchula zoti akapepese. Ngakhale bakha ali ndi mwini wake. Ine ndi iwe sitinatchulidwe." Anayang'ana mphasa yanga. "Yala apo. Koma Fafali amaponda anthu kutulo."

Lolemba tinadzuka n'kuvala nsalu zathu zabwino. Akpene anati mawu oti tidzaonanso mtsogolo sanamugonetse, ndipo akupita ku Ho kukafunsa mmene angalembetsere munda m'maina a ana a Senyo. Ine ndinati ndimuperekeza, poti nanenso ndinali ndi mafunso anga, ndipo ndinkafunanso kuona mitengo ya mawigi.

Tili pasiteji, amuna anga anatulukira atavala jekete ya ukwati wathu, imene siimatsekanso pamimba, tambala ali kukhwapa, botolo lili m'manja. Njira yonse yopita kwa a Kpodo anthu anali atatulutsa mipando pamakomo kudikira. Atationa anapatuka.

"Mayi a Sedem, chichokere iwe sindinadye chamoto."

"Pepani."

"Zija za chigayo zinali zongokometsera kuti anthu akhulupirire. Za ku Ho nazonso, pang'ono." Tambala anapalapata, iwo n'kumupanikiza. "Ndimati ndikamaliza akuluakuluwa ndibwere kwa iwe. Ndi kwa mlamu wangayu, ngati nthawi ilipo."

Trotro inaima, kondakitala n'kutsegula chitseko. Akpene anakwera n'kundisungira malo pawindo.

"Malizani kaye akuluakuluwo, bambo a Sedem," ndinatero ndikukwera. "Ndi ambiri, ndipo mwini bakha amakhala kutali."